Paipi Yatsopano, Pisitoni Yopsa ndi Munda wa Eni

Bokosi linafika Lachisanu madzulo, sabata yoyamba ya Disembala 2018. Linali lalikulu koma lopepuka, moti ndinalinyamula ndi dzanja limodzi mpaka m'galaja. M'kati mwake munali paipi ya ekizozi ya snowmobile yanga, yakuda bii, yotupa pakati ngati nsato yoti yameza mbuzi. Pambali pake panali kasailensa kakang'ono konyezimira, kathumba ka masipuling'i, ndi mapepala anayi a malangizo. Ndalama zake ndinasunga miyezi isanu. Usiku umenewo ndinabwerera m'galaja kawiri, kukangosisita ndi chala mizere imene wowotcherera anasiya polumikiza zitsulo.

Ndiyambe ndafotokozera inu akumudzi amene sinowo mumangoiona pa foni. Ndimakhala kumpoto kwa Wisconsin, ku America, dera la nkhalango za paini ndi nyanja zing'onozing'ono zosawerengeka. Kuno sinowo ikagwa mu Disembala imakhala mpaka Malichi, ndipo nyanja zimauma gwaa, mpaka galimoto kumayenda pamwamba pake. Snowmobile ndi njinga yamoto ya nyengo imeneyi. Ilibe matayala. Kutsogolo ili ndi mapazi awiri aataliatali otsetsereka, kumbuyo ili ndi chilamba cha labala chamanomano ngati cha katapila wokonza misewu. Eni dera amangoti sled, ndipo amainyadira, chifukwa ku Sayner, kamudzi ka m'boma la Vilas konkuno, ndi kumene Carl Eliason anapanga makina ake oyenda pa sinowo mu 1924. Koma ine nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Joseph-Armand Bombardier wa ku Valcourt, ku Quebec. Mu 1934 mwana wake wamng'ono anamwalira chifukwa misewu inatsekeka ndi sinowo, kuchipatala kosafikika. Amene tinaonapo wodwala ali pa machira m'mbali mwa mtsinje wodzaza, anthu akudikira kuti madzi aphwe, tikudziwa chimene chinakankha bambo ameneyu kuthera moyo wake pa makina amenewa. Snowmobile yake yotchedwa Ski-Doo inayamba kugulitsidwa mu 1959.

Yanga ndi Polaris ya 2002, ya 600cc, masilinda awiri, makabuleta awiri a Mikuni. Ndinaigula kwa munthu mu 2016. Tsiku loyamba kuiliza, utsi wabuluu utandilowa m'mphuno, ndinaona bambo anga. Iwo anali alangizi a zaulimi ku Dowa ndipo ankayenda pa Yamaha DT, ija ya two-stroke yoti oyilo amapsera limodzi ndi petulo. Paipi ya njinga imeneyo inalinso ndi mimba yotupa chonchi, ndipo ndili mwana ndinkayesa kuti n'zongokongoletsa. Panadutsa zaka makumi atatu ndisanadziwe kuti mimba imeneyo ndi theka la injini.

Anandiphunzitsa ndi achikulire ena oyandikana nawo nyumba, azungu a zaka zopitirira 70, amene umakaniko ndi umene unawalera n'kuwakalambitsa. Anatenga pensulo n'kujambula pa katoni ya bokosi lomwe lija. Injini ya two-stroke, iwo anatero, siipuma ngati ya galimoto. Ili ndi mabowo m'mbali mwa silinda, ndipo pisitoni ndi imene imawatsegula ikamatsika n'kuwatseka ikamakwera. Ndiye pali kanthawi kamene bowo lotulukira utsi ndi mabowo olowera petulo amakhala otsegula onse pamodzi. Mukangolumikizapo paipi wamba yowongoka, petulo wina wosapsa amathawira kunja limodzi ndi utsi.

Mimba ija ntchito yake ili pamenepa. Bowo likatseguka utsi umatuluka mophulika, ndipo kuphulikako kumayenda m'paipi ngati funde. Fundelo likafika pamene paipi yayamba kukula, limabweza m'mbuyo mphamvu yokoka, imene imayamwa utsi wotsalira m'silinda n'kukokeramo mpweya watsopano wosakanikirana ndi petulo, mpaka wina kusefukira m'paipi. Likapitirira n'kufika pamene paipi yayamba kuchepa, limagunda khoma lopendekeralo n'kubwerera, ulendo uno likukankha. Limapeza petulo uja anasefukira n'kumubwezera m'silinda, pisitoni itatsala pang'onong'ono kutseka bowo. Silinda imadzaza kuposa mmene ikanadzazira payokha, ngati thumba la thonje lotsenderedwa ndi mtengo. Injini ikamazungulira maulendo 8,000 pa mphindi, zonsezi zimachitika maulendo 133 pa sekondi, m'silinda iliyonse.

Amene anakhwimitsa nzeru imeneyi ndi injiniya wa ku East Germany, Walter Kaaden, wa pa fakitale ya njinga ya MZ ku Zschopau, m'zaka za m'ma 1950. Ndalama analibe zambiri, koma tinjinga take tinkasowetsa tulo makampani olemera pa mipikisano. Mu 1961 wokwera wake, Ernst Degner, anathawa m'dzikomo n'kukalowa ku Suzuki atanyamula nzeruzo, ndipo chaka chotsatira anapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 50cc ali pa Suzuki. Ndikamaganiza bwino, paipi ya DT ya bambo anga ndi paipi ya m'bokosi langa ndi zidzukulu za munthu mmodzi ameneyu.

Achikulire anagogoda katoni ndi pensulo. "Umvetse, mwana wanga. Funde lili ndi liwiro lake, paipi ili ndi utali wake. Ziwirizi zimakumana bwino pa liwiro limodzi la injini. Ukasintha paipi, wasintha liwiro limenelo, wasintha mpweya wolowa, wasintha kutentha. Zonse zodalira pamenepo uzitsatire."

"Ndamva, achikulire," ndinatero. Koma maso anali m'bokosi.

Kumanga kwenikweniko sikuvuta, ndipo n'zimene zimanamiza anthu ambiri. Paipi ya sled imagwidwa ndi masipuling'i, chifukwa injini imanjenjemera pa timalabala take ndipo polumikizira pamayenera kusewera. Ndinatsegula boneti n'kukoka masipuling'i akale ndi chingwe cha nsapato chokulunga pa sipanala. Achikulire anakaniza pulayala. Ati imakanda sipuling'i, ndipo pokandikapo ndi pamene imadzadukira. Ndinazula paipi yakale pamodzi ndi sailensa yake yolemera. Pamene paipi imakumana ndi chitsulo cha mphanda chochokera ku masilinda pali gasiketi yozungulira ngati donasi, ndipo ndinaika yatsopano, popeza yakutha imatayitsa mpweya, funde lija n'kufooka, oyilo wakuda n'kumawazika paliponse. M'masipuling'i atsopano ndinathiramo silikoni wofiira wopirira moto kuti asamanjenjemere n'kuduka. Chimene chinandidyera nthawi ndi kumata pepala lonyezimira lobweza kutentha m'kati mwa boneti ndi pa pulasitiki ya pansi. Paipi ya kufakitale imabwera itavala chikuto, pamene iyi inali yosavala, ndipo mimba yake inadutsa chala chimodzi chokha kuchoka pa pulasitiki. Ndinasunthanso paipi ya madzi oziziritsa injini ndi mawaya ena n'kuzimangira patali. Maola atatu, ntchito yatha.

Tsamba lachitatu la malangizo linali ndi manambala okhaokha. Mbali ina analemba kuzizira kwa kunja, mbali ina kukwera kwa dera, pakati manambala a majeti. Jeti ndi kabawuti ka mkuwa kokhala ndi kabowo, kamene kamayeza petulo wolowa m'kabuleta. Nambala ikakula ndiye kuti bowo lakula. Tsiku limenelo kunja kunali madigiri -6. Ndinayang'ana mzere wa -6, ndinaika majeti a mzere umenewo, n'kutseka. Kuwerenga ndinawerenga bwino. Chimene sindinachite ndi kutsitsa chala pa mizere ya m'munsi n'kudzifunsa kuti nanga Januwale akadzafika.

Njira zitatsegulidwa ndinatuluka, ndipo mtima unali m'malere. Kasailensa kaja kanasinthiratu mawu a sled. Inasiya kung'ung'udza kwake kwakale n'kuyamba kukuwa mokuthwa, mawu olowa m'mano. Ndikakanikiza chala, ndinkamva ngati ndakwera chinthu chatsopano. Tsiku lina ndikuvula nsapato pakhomo, mayi a kunyumba anati, "Bambo, masiku ano ndimakumvani mukadali kutsidya kwa nyanja. Ndiwo ndimayamba kutenthetsa musanafike n'komwe pa mlatho." Ndinakondwa nawo mawuwo. Chimene ankandiuza m'kati mwake sindinachimve.

Kumapeto kwa Januwale 2019 kunagwa chisanu chimene anthu a kuno akuchikambabe. Mphepo ya ku Arctic inatsikira kum'mwera, masukulu anatsekedwa, ngakhale a positi anaimitsa kugawa makalata m'madera ambiri. Mphepoyo italeka, m'mawa wina kunacha kuli mbee, dzuwa likuwala, choyezera cha pakhonde chikuonetsa -29. Ndinavala zonse zimene ndili nazo n'kulunjika kunyanja.

Injini sinakomepo ngati tsiku limenelo. Inkayankha chala ndisanamalize kukanikiza. Pano ndikudziwa kuti kukoma kumeneko ndi kumene kunali chenjezo. Mpweya wozizira ndi wothinana, ndipo pa kukoka kulikonse mumalowa okosijeni wochuluka. Kabuleta sadziwa zimenezo. Amangopereka petulo molingana ndi kabowo kake. Mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, moto wa m'silinda umatentha mopitirira, komanso petulo amene akanaziziritsa mutu wa pisitoni palibe. Onjezani paipi yokankhira mpweya wina pamwamba pake. Injini ya njala ya petulo imathamanga mokoma kwambiri ikatsala pang'ono kufa.

Nyanjayo ndi yaitali makilomita ngati atatu, yosalala ngati bwalo. Ndinakanikiza mpaka kumapeto n'kugwira pomwepo. Chapakatikati mawu anasintha kwa kanthawi, ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Kenako mphamvu zii. Chilamba chinagwira, sled inatsetsereka chammbali, n'kuima. Kunali chete woti ndinkamva magazi akugunda m'makutu. Ndinakoka chingwe cholizira, chinakana. Patapita mphindi zingapo ndinakokanso, ndipo chinabwera mopepuka ngati m'kati mulibe kanthu. Foni inali m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi, n'chifukwa chake batire inali idakali moyo. Achikulire anafika patatha theka la ola. Anachotsa lamba wa pa kilatchi kuti chilamba chizizungulira momasuka, anamanga chingwe, n'kundikoka pang'onopang'ono mpaka kunyumba, zala zanga zitafa dzanzi.

Madzulo ake tinamasula. Pulagi imodzi inali yotuwa ngati phulusa, ili ndi timadontho ta chitsulo chosungunuka. Titachotsa silinda tinapeza m'mphepete mwa pisitoni, mbali ya ku ekizozi, mutasungunuka ngati kandulo, ring'i itamatirira mu mzere wake. Achikulire sanandikalipire. Anangofikira pa shelefu, anatenga tsamba lachitatu lija, n'kuika chala pa mzere wa m'munsi. Majeti a pamenepo anali okulirapo ndi masayizi atatu. Zonse zinalembedwa, ndipo pepalalo linakhala pa shelefu yanga milungu isanu ndi iwiri. Agogo anga ankati walira mvula walira matope. Paipi inachita zimene inalonjeza, inabweretsa mpweya. Chakudya cholingana ndi mpweyawo ndine ndinayenera kupereka.

Mapisitoni awiri atsopano, magasiketi, ndi kukonzetsa silinda zinadya ndalama zoposa mtengo wa paipi. Milungu itatu ya nyengo yabwino inapita sled ili pa matabwa. Koma m'milungu imeneyo ndi mmene ndinaphunzira zimene ndinayenera kuyamba nazo. Ndinaphunzira kuwerenga pulagi: umathamanga chala chili kumapeto kwa kanthawi, n'kuzimitsa injini pomwepo osabweza, kenako n'kumasula pulagi. Ikakhala ya mtundu wa chiponde, zili bwino. Ikada ndi kunyowa, petulo wachuluka, ndipo choipa chake n'kuchedwa chabe ndi kuwononga mapulagi. Ikayera, ima pomwepo. Majeti tsopano ndimaika a tsiku lozizira kwambiri limene ndingatuluke, n'kuvomera kuti tsiku lofunda sled izikhala yaulesi pang'ono. Majeti ena ndimayenda nawo m'kabotolo ka mankhwala. Petulo ndimathira wa okiteni 91 (mlingo wa kupirira kwa petulo m'injini) wopanda ethanol. A ma sled atsopano, amene petulo amayezedwa ndi kompyuta, asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Kompyutayo inaphunzitsidwa paipi ya kufakitale, ndipo mapaipi ambiri ogula padera amafuna kuti nayonso ikonzedwe.

Panatsala kilatchi. Sled ilibe magiya. Ili ndi mapule awiri ndi lamba pakati, ngati pa chigayo, kungoti mapule ake amatseguka ndi kutsekeka okha. M'pule yakutsogolo muli tizitsulo tolemera ndi sipuling'i, ndipo zimenezi ndi zimene zimasankha liwiro limene injini ikhazikikepo ukakanikiza mpaka kumapeto. Tsamba lachinayi linati paipi iyi imakoka bwino injini ikamazungulira maulendo 8,200 pa mphindi. Yanga inkakakamira pa 7,800, kutanthauza kuti funde lija linkabwerera pa nthawi yolakwika. Tinaika tizitsulo topepukirapo ndi magalamu awiri, ndipo muvi woonetsa liwiro la injini unakwera n'kukaima pamalo pake. Ndinaphunziranso kuti paipi yozizira siikoka, chifukwa funde limathamanga kwambiri mu utsi wotentha. Uyenera kuyenda kaye makilomita angapo usanaiweruze. Tsiku limene zonse zinakumana, sled inanyamula mapazi akutsogolo pochoka ndipo inakoka mosadukiza mpaka kutsidya. Pamenepo ndinazindikira kuti mphamvu imene ndinkainyadira mu Disembala, yambiri inali m'makutu mokha.

Ndikanatha kulekera apa, koma chimene chandilembetsa nkhaniyi chinachitika m'khitchini ya anthu ena.

Wisconsin ili ndi njira za snowmobile zokwana makilomita pafupifupi 40,000, ndipo zambiri zimadutsa m'minda ndi m'nkhalango za anthu wamba. Amene amapempha malowo ndi makalabu a anthu ongodzipereka, khomo ndi khomo, chaka ndi chaka. Ndi omwewo amene amadula mitengo yogwera m'njira, kuzika zikwangwani, ndi kuyendetsa mathalakitala osalaza sinowo usiku. Mwini munda mmodzi akati basi, njira yaduka, ndipo nthawi zina midzi iwiri imasiya kulumikizana. Lamulo lilipo: ekizozi siiyenera kusinthidwa kuti izisokosa kuposa mmene inachokera kufakitale, ndipo mu 2019 oyang'anira ankayeza phokoso ataima mamita 4 kuchokera pa sled, malire ake anali madesibelo 88. Koma oyang'anira ndi ochepa, nkhalango ndi yaikulu. Chimene chimasunga njira kwenikweni ndi mtima wa eni minda.

Pa msonkhano wa kalabu yathu chakumapeto kwa Febuluwale, tinamva kuti banja lina loweta ng'ombe za mkaka likufuna kutseka njira yodutsa m'munda mwawo wa udzu. Achikulire anatumidwa kukakamba nawo, ndipo ananditenga. Tinakhala pa tebulo, mayi wa panyumbapo anatithirira khofi. Analankhula mosakweza mawu. Amuna awo amadzuka 4 koloko kukakama. Mayi awo okalamba, odwala, amagona m'chipinda choyang'ana kumundako. "Ife ma sled sitidana nawo," anatero. "Ambiri akamadutsa timangomva ngati mphepo. Koma pali anayi kapena asanu amene timawadziwa ndi mawu. Ina imabwera Loweruka cha m'ma 9 usiku. Imachepetsa bwinobwino pa geti, kenako imakuwa mpaka kukalowa m'mitengo. Amayi akadzidzimuka sagonanso."

Kapu inandilemera m'manja. Pa geti limenelo ndinkachepetsa ndine, ndipo ndinkadziona ngati munthu waulemu pochita zimenezo.

"Mayi, imeneyo ndi yanga," ndinatero. "Pepani kwambiri. Sindinaganize."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati sanayembekezere kuti mwiniwake angakhale pa tebulo lawo. Achikulire anafotokoza chimene okwera sitimva: mawu a ekizozi amatsalira m'mbuyo, iwe uli m'chipewa, mphepo ili m'makutu. Ndipo usiku wozizira wopanda mphepo, mpweya wa pansi umazizira kuposa wa pamwamba, choncho phokoso m'malo mokwera kumwamba limapindikira pansi n'kuyenda mtunda wautali.

Pobwerera ndinali chete m'galimoto. Kwathu, njira ikadutsa m'munda mwa munthu, mwana aliyense amadziwa mayendedwe ake. Ukapeza eni akulima umatsika pa njinga, umati tidutse nawo, suponda mzere, suthyola chimanga. Bambo anga, ndi DT yawo ija, ankazimitsa injini akamayandikira pamaliro kapena pakhomo pamene pali matenda, n'kuikankha ndi manja mpaka atadutsa. Ndinakula ndikuona zimenezi. Sinowo itakwirira munda wa eni n'kuuyeretsa mbuu, zikwangwani za kalabu zitazikidwa, ndinaiwala kuti pansi pake pali munda, ndipo m'mbali mwake muli zenera la munthu.

M'mawa mwake ndinapita kwa achikulire kukawauza kuti ndichotsa zonse, ndibwezeretse za kufakitale. Anapukusa mutu. "Mphamvu ili m'mimba ya paipi, mwana wanga. Kachitini kako kakumapetoko kamangokuchotsera makilogalamu angapo n'kukupatsa phokoso. Bweza sailensa yakale, paipi usiye." Ndinakaitenga pakona pamene ndinaitaya mu Disembala. Inalowa pa paipi yatsopano popanda vuto, masipuling'i atatu basi. Popeza sailensa ikasintha utsi umatulukanso mosiyana, tinapitanso kunyanja kukawerenga mapulagi. Anatuluka a chiponde onse awiri. Muvi unaima pa 8,200 monga kale, ndipo kutsidya ndinafika nthawi yomweyo. Ndinapempha a kalabu amene ali ndi choyezera phokoso kuti andiyeze, ndipo ndinali pansi pa malire.

Kasailensa konyezimira kaja kali pa shelefu mpaka lero, pambali pa pisitoni yopsa. Mnyamata wina wa kuntchito anafuna kukagula. Ndinakana, chifukwa ndikudziwa njira imene amadutsa Loweruka.

Banja lija linavomera kusiya njira yotsegula, kalabu italonjeza kuika zikwangwani zochepetsa liwiro m'munda monsemo ndi kulankhula ndi eni ma sled ena aja mmodzimmodzi. Atatu anamva. Wina anakana, ati sled ndi yake, ndipo anasiya kubwera ku misonkhano.

Ulendo wanga womaliza wa nyengo imeneyo unali pakati pa Malichi, sinowo itayamba kufewa masana n'kumauma usiku. Ndinafika pa geti cha m'ma 8, ndinachepetsa, ndipo chala sindinachibwezerenso mpaka kumapeto. Ndinadutsa m'mundamo pa liwiro la munthu wopalasa njinga. Ndinamva fungo la khola, ndinamva mapazi a sled akukhukhuluza sinowo youma, zinthu zimene nyengo yonseyo sindinazimvepo. Nyali ya m'khitchini inali yoyaka. Ya m'chipinda choyang'ana kumunda inali yozima, ndipo ndinakalowa m'mitengo idakali yozima.